Therere la Anganga Linkananda

Kuseri kwa khitchini ya anganga kunali mphika umodzi umene sunkapita pamoto. Unali wakale, wakuda bii ndi mwaye, ndipo pansi pake panali timabowo timene anganga anaboola okha ndi msomali. Mphikawo unkakhala pamwamba pa unzake. M'kati mwake ankayalamo udzu, paudzupo n'kuthirapo phulusa, kenako madzi. Phulusa lake silinali la nkhuni wamba ayi. Ankaotcha zitsononkho, makoko a nyemba, nthawi zina makoko ouma a nthochi. Madzi aja ankayenda pang'onopang'ono m'phulusamo n'kumagwera mumphika wapansi, tho, tho, tho, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Chimenecho ndicho chidulo. Ndikadzuka m'mawa n'kumva kudontha kumeneko, ndinkadziwiratu kuti masana tidyera therere.

Kwathu n'kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumunsi kumene mtsinje wa Likangala umafika utatopa, phiri la Zomba lili kuzambwe kwathu. Ine ndinabadwa patapita zaka zitatu chichitikire njala ya 1949, choncho njalayo sindinaione ndi maso. Ndinangoimva m'kamwa mwa anganga, amene ankaitchula motsitsa mawu. Mwina n'chifukwa chake sankalola kuti mwana anyoze ndiwo iliyonse yomera pansi. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, zonsezi ankazilemekeza. Koma therere linali ndi malo akeake mumtima mwawo, ndipo ankalidziwa mitundumitundu: lobala, lija timadzala m'munda pakati pa chimanga, la denje lomera lokha m'dambo ndi m'mbali mwa minda, ndi la chewe, limene maluwa ake amakhala ngati timabelu totuwira ku pinki.

Kaphikidwe kake sikatenga nthawi, koma kamafuna munthu wokhala pansi. Anganga ankayamba kutereka chidulo chosakaniza ndi madzi pang'ono. Chikawira ankathiramo therere loduladula tating'onoting'ono, mchere, ndi phwetekere wa timaso ting'onoting'ono uja womera pa dzala. Pamenepo mphika suusiya. Thovu limakwera mwadzidzidzi, ndipo ukangoti ndikatenge nkhuni pakhomo, upeza theka la ndiwo lili pamafuwa. Iwo ankakhala chotambalala, mthiko uli m'manja, akutakasa mwachangu mpaka thovu litagonja. Kenako ankatukula mthikowo m'mwamba. Ulusi wobiriwira unkalendewera kuchoka kumthiko mpaka mumphika osaduka, ukunyezimira ndi kuwala kwa moto. Akauona ulusiwo ankagwedeza mutu n'kunena mawu amodzi okha: "Lananda."

Mawu amenewa ndiwo andikhazika pansi kuti ndilembe. Masiku ano sindiwamva kawirikawiri, makamaka kwa ana okulira m'tauni. Chinthu chikakhala cha mtundu umenewu amangoti chikuterera, kapena amathawira ku Chingerezi. Komatu kunanda si kuterera. Anganga akanamva munthu akusokoneza mawu awiriwa akanamuyang'ana ngati wathira mchere m'phala la mwana kawiri.

Kuterera n'kwa pansi pa phazi kapena m'dzanja. Njira ya kudambo imaterera mvula ikagwa. Mwala wa pamtsinje umene wamera ndere umaterera, ndipo amene waupondapo mosasamala amaterereka, mtsuko n'kusweka. Chinthu choterera chimakuthawa. Kumata n'kwina: ulimbo umene anyamata ankapaka pa timitengo kuti agwire mbalame umamata, utomoni wa mtengo umamata, ndipo chomata chimakugwira osakusiya. Ukadya nzimbe kapena mango, manja amanyata mpaka utasamba. Tsono kunanda kuli pakati pa zonsezi. Chinthu chonanda chimagwirana chokhachokha. Ukachikoka chimatsatira, chimatalika, sichifuna kulekana ndi chinzake. Therere limananda. Nsima ya kondowole imene ndinakaidya koyamba ku Nkhata Bay ndili kale mayi wa ana awiri, imananda, ngakhale kuti kunanda kwake n'kolimba, kofuna mphamvu ya zala. Choyera cha dzira laliwisi chimananda. Ndipo inde, mamina nawo amananda.

Apa m'pamene pali nkhani yanga. Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri, tili pamphasa ana asanu kuzungulira mbale imodzi. Ndinatema nsima, n'kusunsa m'therere, ndipo potukula dzanja ulusi uja unanditsatira mpaka pachibwano. Ndinaseka n'kunena kuti, "Anganga, ndiwozi zili ngati mamina." Anzanga onse anasiya kudya. Wina anadzuka n'kukalavula kuseri kwa nkhokwe. Anganga sanandimenye, ngakhale kuti mthiko unali pafupi. Anangoti, "Iwe, pakudya satchula za m'mphuno. Taona walanda anzako nsima pakamwa." Tsiku limenelo nsima inatsala, chinthu chimene sichinkachitika pakhomo pathu, ndipo mtima wanga unawawa kuposa mmene mthiko ukanawawira.

Madzulo ake anandiitana kuti ndikawathandize kusenda nandolo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma iwo anayamba ndi funso. Anati, "Kodi mamina n'chiyani?" Ndinati ndi zonyansa. Iwo anaseka pang'ono. "Zonyansa? Nanga uli wakhanda, chimfine chitakutseka mphuno mpaka kulephera kuyamwa, amene anaika pakamwa pake pamphuno pako n'kuyamwa maminawo kuti upume ndani? Si ine?" Ndinangoti kukamwa yasa. Anandiuza kuti usiku umenewo amayi anga ankangolira, nyali ya koloboyi ikuzilala, ndipo iwo anachita chimene amayi awo anawaphunzitsa. Anayamwa, nalavula, nayamwanso, mpaka ine ndinapuma n'kugwira bere. Zimenezi amayi ambiri a kumudzi ankachita, ndipo palibe amene ankaziona zachilendo. Lero kuli timipira tofewa topopera mphuno za makanda, ndipo n'zabwino kuti kuli. Koma ine sindingamve mawu akuti mamina osakumbukira kuti mpweya wanga unadzera pakamwa pa anganga.

Phunziro lawo silinali lakuti mamina ndi abwino kuwatchula paliponse. Ankafuna ndidziwe kuti chilichonse chili ndi dzina lake ndi malo ake. Zotuluka m'mphuno ndi mamina, ndipo mawuwa ndi apachibale ndi kumina, kuja munthu amatseka mphuno imodzi ndi chala n'kutulutsa mpweya mwamphamvu. Zochokera m'chifuwa potsokomola ndi makhololo. Za m'kamwa ndi malovu, koma akayamba kuchucha okha, monga achitira mwana amene akumera mano kapena munthu wogona tulo tofa nato, timati dovu. Za m'maso podzuka ndi manthongo. Anganga sankasakaniza mawu amenewa, ndipo ankati munthu wopita kwa sing'anga kapena kuchipatala osadziwa kusiyanitsa makhololo ndi malovu amasocheretsa womuthandiza. Zaka zambiri pambuyo pake, pamene achipatala ankafuna makhololo a munthu kuti ayeze chifuwa chachikulu, ndinaona anthu akubweretsa malovu m'kabotolo n'kubwezedwa. Ndinakumbukira anganga.

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikabwera ndi nkhungu ndi kamvula kake kowaza kuchokera ku mapiri a ku Mozambique, ana tonse m'mudzi tinkayenda mamina ali chuchuchu. Mipango inali ya aphunzitsi ndi abusa. Ife tinkapukutira kuseri kwa dzanja, ndipo khungu la pamenepo linkachita kuwala. Anganga akakuona ankakukoka, n'kukupukuta ndi nsonga ya nsalu yawo kapena tsamba lofewa, uku akukuuza kuti, "Mina! Minanso!" Pamenepa m'pamene panachokera mawu aja akuti mwana wamamina. Munthu wamkulu akauzidwa kuti ndiwe mwana wamamina, ndiye kuti amuchepetsa kwambiri, amuuza kuti sanafike polankhula pabwalo. Koma m'kamwa mwa anganga mawu omwewo ankasanduka achikondi. Nditakwatiwa, nditabereka, ndikafika pakhomo pawo ankandilonjera kuti, "Wabwera kamwana kanga kamamina kaja." Palibenso wina amene ananditchulapo dzina lokoma chotero.

Ndili kusukulu ya uphunzitsi ndi pamene ndinamva kuti mamina ali ndi ntchito. Amakola fumbi ndi tizilombo toyambitsa matenda kuti tisafike m'mapapo, ndipo amasunga m'mphuno kuti musaume. Ndinamvanso kuti m'mimba mwa munthu muli zonanda za mtundu womwewo zimene zimakuta chifu kuti madzi owawasa ogaya chakudya asachiwotche. Ndinadabwa, koma osati kwambiri, chifukwa anganga anali atandionetsa kale zimenezi pa mlamba.

M'chaka cha 1968 nyanja ya Chilwa inaphwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imabwerera m'mbuyo mpaka kutha. Inadzaphwanso mu 1995, koma kwa ine kuphwa kwa 1968 ndiko kunakhala m'maso, chifukwa ndinali mtsikana wa zaka 16 ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti nyanja ingachoke. Anthu ankayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Ngalawa zinangokhala gadaa pamatope ong'ambikang'ambika. Matemba ndi makumba, amene tinkawaona ngati mchenga, anasowa, ndipo asodzi ambiri anasamukira kunyanja zina. Nsomba imene inkapezekabe apo ndi apo inali mlamba, m'zithaphwi za m'mabango ndi kumathiriro a mitsinje. Mlamba umatha kupuma mpweya wa kunja, choncho umapirira m'madzi amatope momwe nsomba zina zafa kale. Ulibe mamba. Chovala chake ndi zonanda zija zokuta thupi lonse.

Tsiku lina mchimwene wanga anabwera ndi milamba iwiri yamoyo. Ndinayesa kugwira umodzi, unandipulumuka n'kugwera m'fumbi. Anganga anautola, nandiuza kuti ndipitirize chala pamsana pake kenako nditukule. Kaulusi kanatsatira chala changa. Anati, "Waona? M'dzanja mwako ukuterera, koma pathupi pakepo pakunanda. Chimenechi ndicho chausunga wamoyo anzake atauma." Kenako anatapa phulusa lozizira n'kuupaka mlambawo thupi lonse, kuupala ndi mpeni, kuutsuka, ndipo zonanda zonse zinachoka. Mpaka lero ndimakonza mlamba ndi phulusa, ngakhale ana anga amandigulira mandimu.

Chaka chimenecho ndi chotsatira chake therere ndilo linatigwira dzanja. Anganga anali ndi chizolowezi choyanika therere nthawi ya dzinja likachuluka. Lobala ankaliduladula n'kuliyanika pa mphasa, masamba a denje nawonso chimodzimodzi, kenako ankasinja mumtondo n'kusunga ufa wake mumphika wotseka bwino. Kadzanja kamodzi ka ufa umenewo kankadzaza mphika wa ndiwo. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ankalikonda chotero. Ndiwo zina umatapa, ndipo wadzanja lalikulu amatapa zambiri, wamng'ono n'kutsala opanda kanthu. Therere sulitapa, umangosunsa. Limakuta mbamu ya nsima mbali zonse, ndipo mbamuyo imatsika kummero popanda kulimbana nayo, ngakhale ikhale nsima ya gaga yokhakhala kapena ya mapira. Kamphika kakang'ono kankakwanira anthu khumi, ndipo aliyense ankadzuka atakhuta. Odwala amene ankakana chakudya china chilichonse, nkhalamba zopanda mano, ana ongoletsedwa kuyamwa, onsewa therere linkawalandira.

Kudya kwake kulinso ndi luso. Mwana amasunsa n'kutukula dzanja molunjika, ulusi n'kumutsatira mpaka pamalaya. Wamkulu amasunsa, n'kupotoza dzanja kamodzi mofulumira, ulusi uja n'kuzungulira mbamu n'kuduka wokha m'mphepete mwa mbale. Anganga anandigwira dzanja kangapo konse mpaka ndinadziwa. Mlendo akabwera, iwo ankangoyang'ana mmene akudulira therere n'kudziwa ngati anakulira pa mphasa kapena ayi.

Si onse ankalidya. Atsibweni anga ena ankalikana kwamtuwagalu, ndipo tsiku la therere ankawaotchera matemba paokha. Ife ana tinkanong'onezana kuti ali ndi mphini za mankhwala, pakuti anthu ankakhulupirira kuti therere limasukulutsa mankhwala a m'thupi. Amuna ena ankati limafooketsa. Komanso amayi oyembekezera ankalimbikitsidwa kulidya akayandikira masiku, poganiza kuti mwana adzabwera mosavuta. Ine zimenezi sindiziikira umboni, ndipo mayi woyembekezera ndimamuuza kuti apite kusikelo ndi kukachilira kuchipatala. Ndangozitchula chifukwa zikuonetsa mmene anthu athu ankaganizira za kunanda: ankakuona ngati mphamvu, chinthu chotha kumasula chomangika. Anganga eni ake ankangoseka za atsibweniwo. Ankati, "Asiyeni, litichulukira."

Masamba a chewe anali ndi ntchito inanso. Sopo akasowa, ndipo ankasowa kawirikawiri, anganga ankatikita masambawo m'madzi mpaka madziwo atananda, n'kutisambitsa nawo m'mutu. Tsitsi linkafewa, chipeso n'kumadutsa osatiliza. Ndimakumbukira nditakhala pakati pa miyendo yawo pamwala wa kumtsinje, madzi ozizira onanda akutsikira m'khosi, iwo akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Fungo lake linali la msipu wongothyoledwa kumene.

Atsibweni ena, amene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito ku Salisbury, kumene ife tinkati ku Halale, anabwera ndi nkhani yakuti kumenekonso amadya ndiwo yomweyi ndipo amaitcha derere. Ku Zambia amati delele. Anganga anakondwa kwambiri kumva zimenezo, ngati amva za abale awo otayika. Nanenso pophunzitsa ana m'kalasi ndinkakonda kuwauza zimenezi. Chaka chija cha 1968 chomwe nyanja inaphwa ndi chimenenso boma linalengeza kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko, ndipo pambuyo pake tinaphunzitsidwa lamulo lakuti pambuyo pa e ndi i tizilemba r. Choncho m'mabuku timalemba therere, pamene pa zikwangwani za m'malo odyera mumaona thelele. Ine ndinkachonga ndi inki yofiira monga mwa lamulo, koma m'khutu mwanga liwulo limamveka mmene anganga ankalitchulira, lilime likugunda mofewa pakati pa zilembo ziwirizo. Ndipo nthawi zonse ndikalitchula ndimamvamo kuterera, ngati kuti dzinalo linapangidwa kuti lizitsetsereka pa lilime monga mwini wake achitira kummero.

Soda wa m'sitolo atafika, amayi ambiri anasiya kusefa chidulo. Anganga anamuyesa kamodzi n'kunena kuti ndiwo zake zikumveka sopo. Pambuyo pake alangizi a zaumoyo anayamba kutiphunzitsa kuti soda ndi chidulo zimawononga mavitamini ena a m'masamba, ndipo zimenezi n'zoona, sindikutsutsa. Nkhwani ndi mpiru ndinasiya kalekale kuthira soda. Therere lobala likakhala lanthete limapsa bwinobwino popanda chilichonse, ndipo limanandabe. Koma la denje louma ndimathirabe chidulo pang'ono, chifukwa popanda icho silifewa mmene ndimalifunira, ndipo fungo lija la phulusa ndi limene limandibwezera pamphasa ya anganga. Kutauni ndaona akulikazinga m'mafuta ndi anyezi, ena akufinyiramo ndimu kuti lisanande n'komwe. Ndinalawa, n'lokoma ndithu. Koma imeneyo ndi ndiwo ina. Therere lochotsedwa kunanda lili ngati ng'oma yochotsedwa chikumba: mtengo ulipo, koma sungavinire.

Anganga anatisiya chimanga chili pa ngaiyaye, chaka chimene mwana wanga wachitatu anayamba kuyenda. Masiku awo omaliza ankakana phala, ankakana nsomba, ankakana ngakhale tiyi wa shuga amene ankamukonda. Ndinapita kudambo, ndinathyola nsonga za denje, ndinasefa chidulo mumphika wawo womwe uja, ndipo ndinaphika nditakhala chotambalala monga ankachitira iwo. Nditabweretsa, anandiuza ndi dzanja kuti nditukule mthiko aone. Ndinatukula. Anayang'ana ulusiwo nthawi yaitali, kenako anati, "Lananda, mwanangu. Wadziwa." Anadya timbamu titatu. Chimenecho chinali chakudya chomaliza chimene ndinawaona akudya mokondwa.

Mwezi wathawu kunabwera mdzukulu wanga wa ku Lilongwe, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu. Ndinaphika therere lobala la m'dimba mwanga. Kanasunsa, kanatukula dzanja, ulusi unakatsatira, ndipo ndinaona pankhope pake kuti mawu aja amene ine ndinanena kalekale afika kale pamlomo. Ndinakagwira dzanja msanga. Ndinati, "Usanene, ndikudziwa. Mawu ake ndi akuti lananda. Tanena." Kanati, "Lananda, agogo." Ndinakaonetsa kapotozedwe ka dzanja, ndipo pofika mbamu yachinayi kanali katadziwa kudula. Madzulo kanandifunsa ngati nkhono nayonso imananda, poti kanaona mzere wonyezimira umene nkhono inasiya pakhonde. Ndinakauza kuti inde, ndipo kuti imayenda pa zonanda zakezo kuti thupi lake lofewa lisakalike ndi miyala. Kanapita kukagona kakubwereza mawuwo kokha.

Inu amene muli ndi ana m'tauni, mukapita kumsika kagulani therere, muliphike la madzi osati lokazinga, ndipo mutukule mthiko ana akuona. Auzeni dzina la chimene akuonacho. Mbewu zanga za therere lobala zili m'chikho pamwamba pa moto m'khitchini, ndipo ndidzadzala mvula yoyamba ikangogwa.